Kudikira Ana a Eni

Goodson anachoka ku mishoni ya azungu chifukwa cha nsapato. Inde, nsapato. Analowa nazo m'tchalitchi, mzungu anamuuza kuti akavule panja, iye anatuluka ndipo sanabwererenso. Munthu wake anali wotero, wolankhula mofatsa koma wouma khosi. M'chaka cha 1925 anapempha malo ku Nchilamwela, kutsidya kwa kamtsinje kamene kanali malire a munda wa tiyi, nanena kuti amanga sukulu yakeyake, yopanda mzungu, yogonera konko, ndiponso ya atsikana.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mwana wamkazi amene manja ake afika pothyola tiyi, umutsekere m'mpanda kuti azikanda sileti? Koma Teleza, mkazi wa Goodson, sanaseke nawo. Ndiye anaponda dothi, ndiye anamweta udzu, ndiye anazira pansi m'nyumba yogona ana mpaka inasalala. Kuwerenga sankadziwa, koma mwamuna wake ankamukonda kwambiri, ndipo chimene Goodson wafuna, iyenso ankachifuna. Onse awiri anali ana a Alomwe amene anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi ndi mitolo pamutu. M'banja mwawo munali bala limodzi: mwana wawo woyamba anatupa miyendo n'kumwalira asanayambe kukwawa, ndipo chichitikireni zimenezo Teleza sanaimenso. Alongo ake a Goodson, a ku Goliati, akabwera kudzacheza ankayamba kumuyang'ana pamimba asanamupatse moni.

Tsiku lolandira ana linali Lamulungu, pakuti ndilo tsiku lokha limene lipenga la ku esiteti ya tiyi silinkaitana anthu ku ntchito. Kunabwera amayi okhaokha, zala zawo zothimbirira ndi utomoni wa tiyi, aliyense atagwira mwana wake padzanja, kamphasa ndi kathumba ka nandolo zili pamutu. Goodson anaima pakhonde atavala jekete, n'kufotokoza bwinobwino: ana alowa mumpandamu, kwawo sazipitako, aziphunzitsidwa m'mawa ndi masana, ndipo podzatuluka padzakhala chisangalalo. Amayi aja anamvetsera mwaulemu, kenako anayang'anana. Mmodzi wa iwo, amake Anesi, mayi wamfupi wa mphini kumaso, anakodola Teleza kuti apite kuseri kwa nyumba. Ena onse anatsatira.

"Amayi, tamva zimene anena aphunzitsi," anatero amake Anesi. "Ana alowa, sationa, alangizidwa, adzatuluka tikuvina. Kwathu chimenecho ndi chinamwali. Ndiye anamkungwi ake ndinu, eti?"

"Iyayi, si tsimba ili," anayankha Teleza. "Ndi sukulu."

"Dzina lililonse, amayi. Funso lathu n'limodzi. Inu amene muziwathirira mchere m'ndiwo ana athuwa, mudika?"

Teleza anamvetsa chimene ankafunsa. Kudika ankakudziwa. Ana akalowa m'tsimba, akuluakulu owasunga sagona pamphasa imodzi ndi amuna awo mpaka anawo atatuluka, apo ayi mwana amagwidwa ndi tsempho: amatsokomola, amatupa miyendo ndi masaya, n'kufa. Mwachilungamo, makolo nawonso anayenera kudika. Koma amayiwa anali ataikambirana kale nkhaniyi m'mizere ya tiyi, ndipo anaigamula mowakomera: mwana ali m'manja mwa amene akumudyetsa. Ochenjera pamenepo ndiye anali iwo!

"Mukakana, palibe mlandu," anapitiriza amake Anesi. "Tibwerera nawo. Ine ana ndatsala nawo ndi uyu ndi mng'ono wake basi. Ena ndinakwirira."

Teleza anasuzumira pangodya ya nyumba. Goodson anali pabwalo, ataweramira kamtsikana kena, akukaonetsa sileti, nkhope yake ikuwala monga sinawalirepo chichokereni ku mishoni. Akanati akane, pofika madzulo mumpandamo mukanatsala nkhuku zokha. Anakumbukiranso timiyendo totupa ta mwana wake, ndi manong'onong'o a agogo pamaliro paja, akuti pali amene analakwa. Anaganiza kuti pakati pa chaka sukulu idzatsekera, monga ananenera mwamuna wake, ndiye nthawiyo si yaitali.

"Ndidika," anatero.

Teleza anamuuza Goodson dzuwa lisanalowe, akumupatsa madzi osamba. Poyamba mwamunayo anaseka, poyesa nthabwala. Ataona kuti Teleza wakulunga kale mphasa yake ndi bulangete, kuseka kunatha.

"Teleza, ine ndamanga sukulu kuti ana atuluke mu zinthu ngati zimenezi. Ndiye iwe wazilowetsa m'nyumba mwanga?"

"Akanabwerera nawo ana, bambo."

"Ukanangovomera pakamwa. Adziwa bwanji?"

"Ine ndidziwa. Wina akatupa, ndidzayang'ana kuti?"

Goodson anathira madzi aja pansi osasamba. Teleza ananyamula mphasa yake n'kukayala pakhomo pa nyumba ya atsikana, m'kati, pamene pamalowa mphepo.

Miyezi ya mvula inali ya misozi ndi mamina. Ana ankalira kufuna amayi awo, ena ankakodza pogona, nsabwe zinagwa, ndipo Teleza anameta mitu yonse ndi lumo limodzi. M'mawa lipenga likalira kutsidya, anthu n'kumatsetserekera m'munda ndi madengu kumsana, kuno Goodson ankaimba khasu lakale lopachikidwa pamtengo wa mbawa, ana n'kuyamba kukuwa "a, e, i, o, u" ngati achule a m'dambo. Masana ankalima chimanga, chinangwa ndi nandolo, pakuti sukulu yopanda mzungu imadya thukuta lake. Anesi, wamng'ono pa onse, anali wamantha ndi woyamwa chala, ndipo ankagona atagwira nsonga ya nsalu ya Teleza. Tsiku lililonse Teleza ankathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lake, mtima uli mbee.

Goodson ankalankhula naye za nkhuni, za ufa, za denga lodontha. Nthawi zina ankaiwala kuti wakwiya, n'kumuseketsa monga kale, kenako n'kukumbukira, nkhope n'kugwa.

Chimanga chitacha, Teleza anayamba kuimba pochapa, chifukwa kutsekera kunayandikira. Pamenepo ndi pamene kunabwera Peterson, kapitawo wa ku esiteti, ndi chipewa chake ndi kandodo. Sanalowe. Anangoima pampanda n'kumayang'ana atsikana amene anali atakula, monga amachitira munthu wosankha mbuzi. Makolo a anawa ankakhala pa malo a mzungu, ndipo lendi yake inali thangata, kugwira ntchito m'munda wa mwini malo. Mwana wamsinkhu akaoneka pakhomo, kapitawo sankachedwa kumupatsa dengu.

"Sititsekera," anatero Goodson, Peterson atachoka. "Akapita kwawo tsopano, theka silibwerera. Akhala mpaka mvula ina."

Ananena akuyang'ana kumbali. Onse awiri ankadziwa chimene mawuwo akutanthauza m'nyumba mwawo, koma panalibe anachitchula. Teleza anapita kumtsinje ndi mtsuko umene unali wodzaza kale, n'kukalira kumeneko.

Kenako chinafika chiperoni, nkhungu ija ya mvula yowaza imene imaphimba mapiri a Thyolo mpaka munthu osaona mnzake ali poteropo. Masana ena atsikana onse atapita kukatola nkhuni, Goodson analowa m'khitchini, malo amene sankapondamo. Anakhala pa mtondo wogwetsa, n'kumaotha moto kwa kanthawi. Kenako anagwira dzanja la Teleza.

"Ndine mwamuna wako," anatero motsitsa. "Sindikukulamula. Ndikukupempha. M'nyumba muja mukuzizira, Teleza."

Akanakalipa zikanakhala bwino, chifukwa ukali Teleza ankadziwa kuupirira. Koma kupempha kunamuthyola mtima. Anamusowa munthuyu, anamusowa koopsa, fungo la jekete lake, kulira kwa mkonono wake, zonse. Anaimirira. Anatuluka limodzi, nadutsa pabwalo m'nkhungu muja, mpaka phazi lake linaponda pakhonde la nyumba yawo.

Ndiye anamva chifuwa. Kunali kutsokomola kowuma, kwa mwana, kuchokera kuchipata. Anesi anatulukira m'nkhungumo yekha, wopanda nkhuni, akunjenjemera, maso ali psuu.

"Amayi, mutu," anatero mwanayo.

Teleza anasiya dzanja la mwamuna wake ngati wagwira mbaula. Ananyamula Anesi n'kuthamanga naye, m'mtima akungoti, ndangoganiza chabe, Mulungu wanga, ndangoganiza chabe! Masiku otsatirawo sanachoke pambali pa mwanayo. Ankamufukiza masamba a bulugamu, kumumwetsa phala, ndipo m'mawa uliwonse ankamutsinda mapazi ndi chala kuona ngati ayamba kutupa. Goodson anabwera ndi kwinini, nati ndi chimfine cha chiperoni basi, chimene chagwira ana ambiri ngakhale kutsidya. Anesi anachira, mapazi ake ali owonda monga kale, ndipo Teleza anatsimikiza kuti anachenjezedwa pa nthawi yake.

Kuyambira pamenepo Goodson sanapemphenso. Ukali wake unatha, anayamba kulankhula naye mokoma, kumufunsa ngati wadya, ngakhale kumugulira mpango. Teleza, wosaukayo, anayesa kuti mwamuna wake wamvetsa tsopano. Loweruka lililonse Goodson ankanyamuka kupita ku Goliati, akuti kukagula choko ndi masileti kusitolo ya Swaibu, n'kugona kwa alongo ake, n'kubwerera Lamulungu. Teleza ankamuwotchera mbatata ya panjira, n'kumuperekeza mpaka pakamtsinje. Sanadzifunse n'komwe kuti kodi choko chimatha msanga chotero?

Chilimwe chinali chokoma pasukulupo, ndipo zimenezi n'zimene zimapweteka kuzikumbukira. Ana ananenepa, tsitsi linamera, manyazi anatha. Amene ankalira pofika anali oyamba kuimba. Goodson ndi abambo angapo a mumpingo umene ankapempherako atachoka ku mishoni anaumba njerwa n'kuwotcha, chipinda chophunziriramo chinakhala cha makoma enieni. Mbiri inafika mpaka ku Nsabwe, anthu n'kumabwera kudzasuzumira pampanda kuti aone ana a anthu othyola tiyi akuwerenga buku. Anesi anasiya kuyamwa chala, nasanduka wolongolola, wofunsa mafunso osatha. Tsiku lina analemba chilembo chachikulu padothi pafupi ndi mafuwa, nati, "Amayi, dzina lanu limayamba ndi ichi." Teleza ankachilambalala posesa mpaka mphepo inachifufuta yokha.

Naye anali ndi zake zimene ankakonza mwakachetechete. Anasinthanitsa nkhuku yake ndi mphasa yatsopano, yolukidwa bwino, yonunkhira bango, n'kuibisa pamwamba pa mitanda ya khitchini. Anatunganso mikanda yake ya m'chiuno pa ulusi watsopano. Anayenga mafuta a nsatsi n'kuwasunga m'kabotolo. Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri ndipo tiyi ataphuka timasamba tanthete, ankadzipeza akumwetulira yekha ngati mtsikana wotomeredwa. Ankati mwina ulendo uno Mulungu amukumbukira, alamu ake asiye kumuyang'ana pamimba.

Tsiku lotsekera, amayi aja anabwera atavala nsalu zawo za ku tchalitchi, abambo ena nawonso anatsatira. Ana anaimba, anawerenga, anawerengera mpaka patali m'Chingerezi. Anesi anaima pa mpando n'kuwerenga ndime yathunthu osakakamira, amake akungogwira pakamwa. Koma mayeso enieni anachitika pambuyo pake, kuseri kuja kwa nyumba. Mayi aliyense anakhazika mwana wake pansi, kumutsinda mapazi, kumugwira masaya, kumumvetsera kapumidwe. Panalibe ndi mmodzi yemwe wotupa. Nthungululu inalira mpaka kutsidya. Anamuvinira Teleza, anamupatsa nkhuku, nandolo, makaka a chinangwa, wina mpaka kachigamba ka sopo.

"Anamkungwi enieni ndi awa!" anafuula amake Anesi. "Chaka chathunthu, abale! Ndani mwa ife akanatha?"

Teleza anaseka, misozi ikutsika. Anali wonyada, n'kubisiranji.

Anthu atabalalika, dzuwa lidakali pamwamba pa mabulugamu, Teleza anasamba, anadzola mafuta aja, anasesa m'nyumba yawo imene inali itadzaza akangaude, n'kuyala mphasa yatsopano. Goodson anabwera kuchokera kokaperekeza alendo. Anafika pakhomo, anaona mphasa, sanalowe. Anakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Teleza, tabwera ukhale apa. Ndili ndi mawu."

Anakhala pansi, chapatali pang'ono.

"Ku Goliati kuli mkazi. Dzina lake ndi Ester. Ali ndi pakati."

Teleza anamva mawuwo ngati akuchokera m'chitsime. Nkhuku zopatsidwa zija zinkakupiza mapiko pamene anazimangirira.

"Pakati panu?"

"Panga."

"Munayamba liti?"

"Nthawi ya chiperoni. Anesi atachira." Goodson ankapotokola chipewa. "Alongo anga ndi amene... iyayi, ndisanamizire munthu. Ndine. Mpingo sungandilole akazi awiri, ndipo mwanayo afunika bambo. Ndizikhala kumeneko, kuno ndizibwera kudzaphunzitsa. Koma sukuluyi popanda iwe palibe, Teleza. Amayi aja amakhulupirira iwe, osati ine. Ndikupempha kuti ukhale."

Goodson ankayembekezera kukuwa, kapena mbale kuuluka. Koma maganizo a Teleza anali atapita kwina, kumene Goodson sanaganizeko. Ankaona Lamulungu lililonse, mwamunayu akubwera kuchokera ku Goliati, akusamba m'manja, akudya ndiwo za mumphika womwe ankadya ana. Ankamuona Lolemba m'mawa akuwagawira masileti, akugwira dzanja la Anesi polemba. Aliyense amadziwa kuti palibe tsempho loopsa kuposa la mwamuna wochokera kwa mkazi wina. Miyezi yonseyo! Ndipo lero lomwe, ndi maso ake, waona mapazi a ana onse akutsindidwa.

"Bambo," anatero, mawu ake ali aang'ono. "Inu mumachokera kumeneko, n'kumadya ndi ana?"

"Inde."

"Ndiye palibe anatupa."

Goodson anaweramitsa mutu.

"Palibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye kuti tsiku lija la nkhungu, ndikanalowa m'nyumba muno, Anesi akanachirabe?"

"Chinali chimfine, Teleza."

"Ndiye ine ndimadikira chiyani?"

Apa ndi pamene analira. Za Ester akanapirira, akazi ambiri anapirira zotere. Akanati ndataya mwamuna koma ndapulumutsa ana a eni, akanakhala ndi pogwira. Koma tsopano anaona kuti anawo sankafuna kupulumutsidwa. Anagona chaka chonse pakhomo pozizira, anasiya dzanja la mwamuna amene ankamupempha modzichepetsa, anapereka banja lake ndi manja awiri, ndipo panalibe amene ankalifuna. Analira mokweza, osabisa nkhope, mikanda ikumufinya m'chiuno. Goodson anatambasula dzanja, kenako analibweza. Dzuwa lisanalowe anatenga jekete ndi mabuku ake, nawoloka kamtsinje.

M'mawa mwake kunagwa mvula yoyamba, yonunkhiritsa dothi. Lipenga lisanalire kutsidya, Teleza anamva odi pachipata. Anali amake Anesi, dengu la tiyi lili kumsana, atagwira padzanja kamtsikana kamaso aakulu, koyamwa chala.

"Pepani kukulawirirani, amayi. Dzulo m'chisangalalo muja ndinaiwala. Uyu ndi Joan, mng'ono wake wa Anesi. Sukulu ikatsegulira ndikufuna alowe nayenso. Kutsidyaku amayi ambiri akuti abweretsa awo, amva mmene mwatisungira." Anatsitsa mawu. "Kungoti tikuchita manyazi kupemphanso. Aphunzitsi angatione ngati anthu opanda chisoni. Kodi mudzatidikiranso?"

Teleza anatsegula pakamwa kuti anene zonse, kuti mayi, tinadzinamiza, palibe chimene ndinatchinga. Koma anaona mmene mayiyo anagwirira dzanja la mwana wake, mayi amene anakwirira ana enawo, ndipo anadziwa kuti akanena, kamtsikanaka chaka chamawa kadzakhala ndi dengu kumsana. Anameza mawu aja.

"Za kudika musade nazo nkhawa," anatero. "Chaka chino, chamawa, zaka zonse."

Analowa m'nyumba, nakulunga mphasa ija, n'kutuluka nayo. Anagwada pamaso pa mwanayo.

"Joan, iwe podzabwera usadzavutike kunyamula mphasa. Yako ndi iyi, ndikusungira. Ndi yatsopano, palibe anagonapo."